Kodi Thumba la Ufa Limatha Njala?

Nkhani yathu ya lero ndi ya cakudya cimene cimagawidwa kwa anthu pa nthawi ya njala kapena ya umphawi: ca Boma, ca mipingo, ca pa sukulu ndi ca ku cipatala. Funso limene tifuna kuliyankha ndi ili: kodi munthu akalandira thumba la ufa, njala yace yatha? Nanga thanzi lace labwerera?

Ambiri adzayankha msanga kuti inde, pakuti wanjala afunanso ciani koma nsima? Komatu njala ziri ziwiri. Yoyamba ndiyo ya m'mimba, imene tonse tiidziwa: imaluma, imaletsa tulo, imaliza ana usiku. Yaciwiri ndiyo ya m'thupi, ndipo mwini wace saimva konse. Munthu angathe kudya nsima kawiri pa tsiku, nakhuta, pamene magazi ace, khungu lace ndi mafupa ace zirikusowa zofunika. Thumba la ufa limagonjetsa njala yoyamba. Yaciwiri imagonja pokhapo ogawa akaganiza bwino za zimene aika m'thumbamo, za maina amene alemba, ndi za tsiku limene cakudyaco cifika. Dziko lathu lino laona magawidwe a mitundu mitundu, ndipo mtundu uli wonse watisiyira phunziro.

PHOSO LA KU MGODI

Tiyambe ndi zimene makolo a ambiri a inu anaziona ndi maso. Pamene migodi yaikulu ya mkuwa inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, wanchito Wacifirika sanali kulipidwa ndalama zokha. Anali kulandiranso phoso: ufa, nyama, nyemba, nshawa, mcere ndi ndiwo zamasamba, zoyesedwa pa nyumba yogawira m'komboni. Eni migodi sanacite ici cifukwa ca cifundo ai. Anali ataona kale ku migodi ya kumwera ndi ya ku Katanga kuti mwamuna wodya ufa wokha amatupa nkhama, amafooka, amagwidwa cibayo, ndipo fosholo imamkanika. Cotero nyama ndi nshawa zinalowa m'phoso monga mafuta alowa m'makina.

Phoso linali ndi zolakwa zace. Linayesedwa poyang'ana wanchito yekha. Mkazi ndi ana analandira zocepa, ndipo mlendo wocokera kumudzi, mphwace kapena mlamu wodzafuna nchito, sanawerengedwe konse, ngakhale anali kutapa m'mbale yomweyo. Madandaulo a phoso anali pakati pa zimene anchito anachula pa sitalaka ya 1935 ndi ya 1940. Mpata umene phoso linasiya anautseka ndi akazi. Ku Luanshya, pa mgodi wa Roan Antelope, mabanja anapatsidwa timinda, ndipo akazi analima ndiwo zodyetsa ana ao, zina nagulitsa kwa kampani yomweyo. M'zaka za m'ma 1950 phoso linaleka, ndipo m'malo mwace munalowa ndalama zoonjezera pa malipiro. Kusinthaku kunali ndi ubwino wace, pakuti munthu wamkulu safuna kusankhiridwa ndiwo ndi kapitao. Koma kuyambira pamenepo njala ya m'tauni inasanduka nkhani ya mtengo wa ufa.

MASIKU A MAKUPONI

Wa kumudzi amaona njala irinkudza poyang'ana kumwamba ndi m'nkhokwe. Wa m'tauni amaiona pa mtengo wolembedwa m'sitoro. Kwa zaka zambiri dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linali kulipirako mbali ya mtengo wa ufa kuti anthu a m'tauni augule mosabvuta. Ndalamazo zinali kucokera ku mkuwa, ndipo mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970 katunduyo analemera. Mu December 1986 Boma linacotsa thandizo lace pa ufa woyera wa breakfast. Mtengo unakwera koposa kawiri, ndipo m'matauni a ku migodi munabuka cipolowe m'mene munafa anthu 15. Pulezidenti Kenneth Kaunda anabweza mtengo wakale. Mu 1989 Boma linayesa njira yina, ndiyo ya makuponi, timapepala topatsidwa kwa mabanja a m'tauni kuti akagulire ufa.

Pa pepala njirayi inaoneka yabwino, koma bvuto linali pa kulemba maina. Wogwira nchito pa kampani kapena m'Boma analandira makuponi ace kudzera kwa womlemba nchito. Mai wogulitsa tomato pa msika, mnyamata wa maganyu, nkhalamba yolera adzukulu, iwowa anayenera kukalembetsa okha ndi kuima pa mizere, ndipo ambiri amene anacedwa, kapena amene analowa m'tauni kalembera atatha, anatsala kunja. A kumidzi sanawerengedwe. Cotero kawiri kawiri wa malipiro a pamwezi anathandizidwa, wopanda kanthu nabwerera cimanjamanja. Mu June 1990 mtengo wa ufa unakweranso kawiri, cipolowe cinabuka mu Lusaka, ndipo anthu oposa 20 anataya miyoyo yao. Makuponi anatha Boma litasintha mu 1991. Phunziro lace nali: mndandanda wa maina ndiwo mtima wa magawidwe onse, ndipo wosaukitsitsa ndiye amabvuta kumlemba, pakuti alibe nambala ya nyumba, alibe kapitao womnenera, alibenso nthawi yoima pa mzere tsiku lonse.

CIRALA CA 1992

Caka cotsatira cinabweretsa mayeso akulu koposa. Mvula inadula pamene cimanga cinali kufuna kubereka, ndipo ku cigawo ca Kumwera, ca Kumadzulo, ca Pakati, ca Lusaka ndi ca Kum'mawa minda inapserera. Dziko linakolola cimanga cosafika theka la cimene limadya pa caka. Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linali litakhala miyezi yowerengeka cabe. Cimanga cinagulidwa ndi kupemphedwa kunja. Cinadza pa zombo kufikira ku madoko a Dar es Salaam, Beira ndi a ku South Africa, ndipo kucokera kumeneko pa njanji ndi pa malori. Cambiri cinali cacikasu, ndipo akulu akulu akumbukirabe nsima yace ndi m'mene anthu anainyozera asanaizolowere.

Cimene tifuna kucipenyetsetsa ndico magawidwe ace. Cimanga ca thandizo sicinaikidwe m'manja mwa akulu a cipani. Panakhazikitsidwa dongosolo lochedwa Programme to Prevent Malnutrition, ndipo m'maboma munapangidwa makomiti m'mene munali a mipingo, a mishoni ndi a mabungwe ena osakhala a Boma. Amene anali ndi ndalama pang'ono anagula. Amene anali ndi mphamvu koma opanda ndalama anagwira nchito yolipidwa cakudya, monga kukonza miseu ndi kukumba zitsime. Nkhalamba, opunduka ndi ena osatha kugwira khasu analandira kwaulere.

Njala inawawa ndithu. Ng'ombe zinafa, mabanja anagulitsa katundu. Koma anthu sanafe unyinji monga ambiri anaopera, ndipo sanathawe m'midzi mwao kukaunjikana m'misasa. Mvula itabwera inawapeza pa minda yao, makasu ali m'manja. Ici ndico cinthu cacikulu cimene cakudya cogawidwa cimacita cikafika pa nthawi yace: cimaletsa banja kudya mbeu, kugulitsa khasu ndi mbuzi yotsiriza, ndi kubalalika. Ali yense wonyoza cimanga ca thandizo ayambe wakumbukira caka cimeneco.

PAMENE NSHAWA ZINASOWA

Anthu a mu 1992 anali m'midzi mwao, kumene munthu angathe kuthyola bonongwe, kugwira mbewa kapena kupempha nkhwani kwa mnansi. Nanga kumakhala bwanji kwa munthu amene alibe kanthu kena koma cimene agawiridwa? Kuti tione yankho tiwoloke malire pang'ono, tipite kwa abale athu a ku Malawi.

Nkhondo ya m'dziko la Mozambique inathawitsa anthu ambirimbiri. Ena anafika kwathu kuno nakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke, koma ku Malawi kunalowa pafupifupi miliyoni imodzi. Cakudya cao cogawidwa cinali ufa, nyemba, mafuta, shuga, mcere ndi nshawa. Kumayambiriro kwa 1990 nshawa zinasowa kwa miyezi ingapo. Ufa sunaleke kubwera, ndipo nsima inali kuphikidwa masiku onse. Koma pakati pa February ndi October caka cimeneco anthu pafupifupi 18,000 mwa othawa nkhondowo anapezeka ndi nthenda yochedwa pelagra.

Nthendayi imayamba pa khungu. Malo amene dzuwa limaomba, pa khosi, pa manja ndi pa mapazi, amada, amakakala ndi kung'ambika ngati munthu wapsa ndi moto. Kenaka wodwala amatsegula m'mimba, lilime limatupa, ndipo potsiriza mutu umasokonezeka. Akapanda kuthandizidwa amamwalira. Cimene cimaiyambitsa ndico kusowa kwa vitamini yochedwa niacin. Cimanga ciri nayo, koma yomangika mwa njira yakuti thupi silitha kuitenga. Anthu a ku Mexico, kumene cimanga cinacokera, amaciphika ndi laimu kapena phulusa, ndipo kutero kumaimasula. Ife tinalandira mbeu, koma maphikidwe amenewo anatsala kutsidya kwa nyanja. Cimene cimatiteteza ife ndico ndiwo: nshawa, nsomba, nyama ndi nyemba.

Madokotala amene anafufuza mliri umenewu anapeza zinthu zoyenera kuzisunga mumtima. Okhala m'misasa anadwala koposa amene anakhala pakati pa eni dziko m'midzi. Mabanja amene anali ndi kadimba, kapena amene anapeza nsomba kapena nshawa mwa njira zao, anapulumuka. Ndipo akazi anadwala kangapo kuposa amuna. Pali zifukwa za m'thupi la mkazi zimene madokotala amachula, koma cina ticidziwa tonse: ndiwo ikacepa imayamba kwa abambo, nipita kwa ana, ndipo mai amanyambita mphika. Mliri unatha pamene odwala anapatsidwa mankhwala a niacin ndipo nshawa zinabweranso, ndipo pambuyo pace vitaminiyo inayamba kuthiridwa mu ufa wa othawa nkhondo ku cigayo. Taonani, dzanja limodzi la nshawa pa tsiku ndilo linali kusiyanitsa wamoyo ndi wodwala.

Inu a m'tauni, phunziro ili likukhudzani pa mphika wanu womwe. Ufa woyera wa breakfast, umene tiunyadira, wacotsedwa gaga ndi kamtima ka cimanga, m'mene muli mafuta ndi zambiri zopatsa thanzi. Ufa wa roller ndi mgaiwa uli nazo zoculukirapo, ndipo mtengo wace ndi wotsika. Banja limene ndalama zabvuta licita bwino kugula roller, ndi kusandutsa zotsalazo kapenta kapena nshawa zotendera.

ANA ANG'ONO

Njala ya m'thupi imaoneka bwino koposa pa ana. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse osakwana zaka 5, ana 35 anali opinimbira, ndiko kuti afupi kuposa msinkhu wa zaka zao. Zaka zisanu m'mbuyo mwace anali 40. Kupinimbira sikuli kufupika kwa ku mtundu ai. Ndi cizindikiro cakuti thupi ndi bongo zinasowa zomangira pa nthawi yace, ndipo nthawiyo ndi yaifupi: kuyambira pamene mai aima kufikira mwana atakwana zaka 2, masiku ngati 1,000. Akulu anati m'mera mpoyamba. Cimene catayika m'masiku amenewa cimabvuta kucibweza.

Palinso ana amene matenda a njala amawagwira mwadzidzidzi. Ena amanyenchera, natsala mafupa okha okha. Ena amatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi limafiira ndi kuthothoka, ndipo mwana amakhala wokwiya, wosafuna kusewera. Kale, ndi leronso m'mabanja ena, mwana wotere amati wadulidwa, ndipo mlandu wa mdulo umagwera bambo kapena mai. Pamene akulu alikuweruza mlanduwo, mwana alikutha. Ku kiliniki anamwino ali ndi kalamba ka mitundu itatu kamene amazengereza pa mkono wa mwana, pakati pa phewa ndi cigongono. Mkono ukacepera masentimita 11.5, pa mtundu wofiira, kapena mapazi akatupa, mwanayo ali pa ngozi.

Mwana wotere amapatsidwa timapaketi ta nshawa zosinja zosakaniza ndi mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Cakudya cimeneci cinapangidwa koyamba ku France mu 1996, ndipo cinayesedwa kwambiri ku Malawi, kumene acicha ciponde. Ubwino wace ndi wakuti sicifuna moto kapena madzi, cotero mwana amacira ali kwao m'masabata owerengeka, mai osasiya ana ena kukagonera ku cipatala. Koma pano pali msampha. Mai wafika pakhomo ndi mapaketi a mwana mmodzi, ndipo ana ena atatu alikumpenya ndi maso anjala. Ndani wa ife angamdzudzule akagawa? Komatu akagawa, wodwalayo sacira. Ciponde ndi mankhwala, ndipo muyeso wace ndi wa mwana mmodzi. Cifukwa cace magawidwe anzeru amaganizira mphika wa banja lonse pamene alikuciza mmodzi, ndipo bambo wanzeru amaima pambali pa mkazi wace kuti paketiyo ifike kwa mwini wace.

Nanga phala la pa sukulu? Bungwe la Mary's Meals linayamba kudyetsa ana ku Malawi mu 2002, ndipo mu 2014 linafika ku cigawo cathu ca Kum'mawa. Phala lace ndi la cimanga ndi soya, lothira mavitamini, ndipo ophika ndi makolo a pa mudzi omwewo, osalipidwa. Boma nalonso linakhazikitsa dongosolo lace la cakudya ca pa sukulu, lofuna kugula kwa alimi a pafupi. Aphunzitsi onse adziwa cimene kapu ya phala imacita: ana amabwera, amakhala kufikira belu lotsiriza, ndipo samagona pa desiki. Ici ndi cinthu camtengo wapatali. Koma tisaiwale kuti wa Giredi 1 wapyola kale masiku 1,000 aja. Phala limthandiza kuphunzira. Silimbwezera msinkhu umene anataya ali kumsana. Mng'ono wace amene watsala pakhomo ndi mai woyembekezera ndiwo afunika kuwafikira poyamba.

Cinthu cina codabwitsa cinaoneka ku Kalabo, Shang'ombo ndi Kaputa. Kuyambira 2010 Boma linali kupereka ndalama pang'ono kwa mabanja a ana osakwana zaka 5, ndipo ofufuza anawayerekeza ndi mabanja ena amene anali asanayambe kulandira. Olandirawo anadya kangapo pa tsiku kuposa kale, anagula nkhuku ndi mbuzi, nakuza minda yao. Koma poyesa msinkhu wa ana sanapeze kusiyana kooneka. Nanga cakudyaco cinapita kuti? Mwana womwa madzi oipa, wotsegula m'mimba kawiri kawiri, wodwala malungo, ali ngati mtsuko wobooka: muthira pamwamba, pansi palikutayika. Cakudya cokha, copanda madzi abwino, cimbudzi, ukonde wa udzudzu ndi katemera, cimagwira theka la nchito.

CAKUDYA NDI MANKHWALA

Pali gulu lina limene cakudya cogawidwa cimalithandiza mwa njira imene ambiri saiganizira, ndilo la odwala matenda okhalitsa. Ali yense amene anasamalapo womwa mankhwala a TB kapena ma ARV adziwa kuti munthu akayamba kucira njala imamgwira kwambiri, ndiponso kuti kumwa mankhwala m'mimba mopanda kanthu kumacititsa cizungulire ndi mseru. Ena amaleka mankhwala pa cifukwa cimeneci cokha.

M'makiliniki a Boma asanu ndi atatu a mu Lusaka munacitika kafukufuku amene zotsatira zace zinafalitsidwa mu 2008. Akumwa ma ARV amene m'nyumba mwao munali njala anapatsidwa ufa wa cimanga ndi soya pamodzi ndi mafuta ophikira m'makiliniki ena, pamene m'makiliniki ena cakudyaco cinali cisanafike. Mwa olandira cakudya, 70 pa 100 ali onse anatenga mankhwala ao pa nthawi yace. Mwa osalandira anali 48 okha. Kulemera kwa thupi sikunasiyane kwambiri pakati pa magulu awiriwo. Nchito ya cakudyaco inali kusunga munthu pa mankhwala ace, ndipo mankhwalawo ndiwo anasunga moyo.

CIRALA CA 2024: CIMANGA KAPENA NDALAMA?

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala cagwetsa dziko m'tsoka. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. Zokolola zinatsika kufika pa matani 1.5 miliyoni, kucepera theka la caka cam'mbuyo, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anafuna thandizo. Madzi atacepa ku Kariba magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, cotero wometa, wowocherera zitsulo ndi wacigayo m'komboni anataya malonda pa nthawi yomwe ufa unali kukwera.

Nthawi imeneyi thandizo lambiri linadza monga ndalama. Mabanja osauka analandira K400 pa mwezi, ena anagwira nchito za pa dera lao nalipidwa, ndipo bungwe la Food Reserve Agency linagulitsa cimanga m'madera mwa anthu. Ndalama ziri ndi ubwino wace. Zimafika msanga, sizifuna lori kapena nkhokwe, sizifumbwa, ndipo mai amasankha yekha ngati lero afuna ufa, kapenta, sopo kapena saladi. Koma mphamvu ya ndalama iri pa mtengo wa pa msika. Caka cimeneco thumba la breakfast la makilogalamu 25 linapitirira K300, ndipo mungathe kuwerenga nokha zimene zinatsala za ndiwo ndi makala. Ambiri m'makomboni anali kugula tamapepala ta ufa tija tochedwa pamela, tokwana cakudya cimodzi, ndipo wogula motero amalipira zambiri pa kilogalamu kuposa wogula thumba. Cotero kumene msika uli ndi cakudya ndipo mtengo wakhazikika, ndalama zimaposa thumba. Kumene sitoro iri kutali kapena mtengo ulikuthamanga, thumba limaposa ndalama.

Caka comweco cinatikumbutsanso za ubwino wa cimanga cimene. Mu August 2024 Unduna wa Zaumoyo unacenjeza kuti mu ufa wina wa pa msika munapezeka poizoni wa cuku wochedwa aflatoxin, agalu pafupifupi 400 atafa. Poizoni ameneyu amamera pa cimanga ndi nshawa zobvutika ndi cirala kapena zosungidwa ponyowa, amaononga ciwindi, ndipo moto sumupha. Cimanga cacuku sicisanduka cabwino cifukwa caperekedwa kwaulere.

ZIMENE TIYENERA KUFUNSA

Tsono tinene ciani? Cakudya cogawidwa cimapulumutsa moyo. 1992 ndi mboni. Koma thanzi limatsata pokhapo mafunso anai akayankhidwa bwino, ndipo inu amene mukhala m'makomiti a mipingo, a sukulu, a mabungwe a anchito ndi a m'makomboni ndinu oyenera kuwafunsa.

Loyamba: m'thumbamo muli ciani? Ngati muli ufa wokha, pemphani nyemba, nshawa kapena soya, ndi mafuta. Laciwiri: analemba maina ndani, ndipo anawerengedwa poyera kodi? Pitani mukaone ngati wamasiye wa kumapeto kwa komboni, wolumala ndi mwana wolera anzace alimo. Mndandanda wolembedwa m'nyumba ya munthu mmodzi umadzala ndi abale ace. Lacitatu: cakudya cifika liti? Njala ya kumudzi imakula kuyambira December kufikira March, pamene nkhokwe zatha ndipo nchito ya kumunda yaculuka. Thumba lofika mu May lapeza maliro atatha kale. Lacinai: cikafika pakhomo, cimalowa m'kamwa mwa yani? Mai woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wosakwana zaka 2 ndiwo ayenera kuyamba, ngakhale mwambo wa pa mphasa unena zina.

Otsiriza ndi mau a cenjezo. Thandizo locokera kunja liri ndi mwini wace, ndipo mwini angathe kusintha maganizo. Mu 2025 Boma la America linatseka bungwe lace la USAID, limene kwa zaka zambiri linali kulipirira cakudya ndi nchito za umoyo m'maiko ambiri a mu Africa. Caka comweco mvula inagwa bwino kwathu kuno, ndipo dziko linakolola matani a cimanga oposa 3.6 miliyoni. Caka ca mwana alirenji ndico caka cokonzekera cirala, pakuti cidzabweranso monga cinabwerera mu 1992, mu 2002 ndi mu 2024. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Dziko lisunge m'nkhokwe zace, mpingo udziwe osauka ace njala isanafike, ndipo nyumba iri yonse imene iri ndi kamalo kuseri, ngakhale kocepa ngati mphasa, ibzale repu, nkhwani kapena kandolo, monga anacitira amai a ku Luanshya m'masiku a phoso.

Amai amene muli ndi mwana wosakwana zaka 5, musaphonye tsiku la sikelo mwezi uno, ndipo abambo, muwaperekeze.